Liuma la Mayi Telala

Pamsewu wawo anthu ankawatcha Aliuma, ndipo iwo ankayankha ngati dzina lobadwa nalo. Anali telala. Makina awo osokera ankakhala pakhonde, moyandikana ndi benchi ya amuna awo, omwe anali kalipentala. Munthu akati akufuna diresi yothina, ankangomuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kuti, "Muzipumira kuti m'menemo? Ndikusokerani yokukwanani." Ambiri ankachoka akung'ung'udza kuti mayiyu ngouma mutu, koma nsalu ankaisiya pomwepo.

Tsiku lina bambowo anagwa akupala thabwa. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerako dzanja lamanja litauma gwa, zala zitapindikira m'kati ngati phazi la nkhuku. Adokotala anati likamawongoledwa tsiku ndi tsiku mwina lidzafewa, koma zizipweteka.

Zinkapwetekadi. M'mawa uliwonse, asanakhudze makina, Aliuma ankakhazika amuna awo pabenchi n'kumatambasula chala chimodzichimodzi. Bambo wamkulu ankabuula mpaka agalu a oyandikana nawo kuuwa.

"Ndisiyeni, mayi! Kodi mulibe chisoni?"

"Chisoni ndili nacho, bambo. Bweretsani dzanjalo."

Mlongo wawo wa akalipentala atabwera kudzazonda, anagwira pakamwa. "Alamu, kuuma mtima kwanji kumeneku? Munthu akudwala, alekeni apume."

"Akapuma iwo, dzanja lipumiratu," anatero Aliuma osatukula mutu.

Mlendoyo atachoka, Aliuma analowa kuchipinda, n'kubisa nkhope m'mulu wa nsalu za eniake, n'kulira mwakachetechete kuti bambo asamve. Atatha anasamba kumaso n'kukasoka kolala.

Miyezi itapita anayamba kuwafumbatitsa sandipepa ndi kathabwa. Kakagwa, ankatola n'kuwabwezera m'dzanja. Akalipentala akakaponyera kutali ndi mkwiyo, Aliuma ankanyamuka kukatenga. Liuma linakumana ndi liuma linzake, ndipo la mayi ndi lomwe linapambana.

Dzanjalo silinabwerere mwakale. Sowo ndi hamala bambowo sanazigwirenso, koma ankasalaza mipando ya amisiri anzawo n'kuipaka vanishi, ndipo mabatani a malaya ankamanga okha.

Tsiku loyamba kunyamula okha kapu, dzanja linanjenjemera, tiyi n'kukhutukira pansalu yoyera ya kasitomala. Aliuma anakalipa mpaka msewu wonse unamva kuti bambo a m'nyumbamu ayamba kuononga zinthu ndi dzanja lamanja. Kenako anatenga nsaluyo, n'kukaichapa kuseri kwa nyumba akuimba.