Foni ya alamu anga tsopano ikuthamanga

Lamlungu lapitali, titangotuluka m'tchalitchi ku Chalimbana, alamu anga amake Tisa anandikoka malaya. Anali atabwera pa minibasi kuchokera ku Kanakantapa, fumbi lili mbuu kumapazi, foni ataimangirira pansonga ya chitenje. Foniyo inali itayamba ulesi. Ukaidina, imayamba yaganiza kaye.

"Alamu, nimvela kuti kuno kuli munthu aziba mafoni," anatero.

Ndisanatsegule n'komwe pakamwa, ba Kelvin anali atafika, dzanja lili kale pa foni.

Kwa inu amene simuwadziwa, ba Kelvin ndi neba wathu wa pa mapuloti atsopano. Amagwira ntchito ya boma ku Lusaka, ndipo ali ndi webusaiti yawoyawo pamene amalembapo za makompyuta ndi mafoni. Sangakupatseni moni osaitchula. Ngakhale pamaliro amakunong'onezani kuti mukawerenge zimene alemba sabata ino.

"Amai, iyi ni nkhani ing'ono," anatero. "Memori yazula chabe. Ninalembapo kudala. Tizaifomata."

Kufomata ndiko kufufuta zonse za m'foni kuti iyambirenso. Alamu anafunsa funso limodzi lokha. "Vinthu vanga sivizasoba?"

"Vonse vili ku kilaudi, amai. Musavutike."

Kilaudi imeneyi akuti ndi nkhokwe ya pa intaneti, kumene foni imatumiza yokha zithunzi ndi mauthenga kuti zisungike. Kodi ba Kelvin anayang'ana ngati alamu ali nayo nkhokweyo? Ayi. Anafunsa zimene zili m'fonimo? Afunsirenji, munthu wa webusaiti? Anadina apa, anadina apo, achinyamata a kwaya atawazungulira, kenako anabweza foni ikuwala ngati yatsopano.

Alamu anaitsegula. Anapita kumene amapita m'mawa uliwonse asanalowe kudimba. Kunalibe kanthu.

M'fonimo munali mavoisi a akulu anga, amuna awo, amene anatisiya dzinja lathali. Ali gone m'chipatala ku Lusaka ankajambula mawu n'kumawatumizira: kuti feteleza athire liti, kuti matimati asagulitse kwa munthu woyamba kufika, kuti ndiwo za kuchipatala n'zosakoma koma zikuposabe za alamu zochulukitsa mchere. Akatero ankaseka mpaka chifuwa. Mawu amenewo ndiwo anali atadzaza memori.

Mukuganiza kuti katswiri wathu anapepesa? Anakweza nsidze.

"Ah, simunachite bakapu, kusungilako kwina? Manje foni muisebenzesa bwanji?"

Ndinapsa mtima, ndipo mpaka lero sunazizire. Akuluakulu ananena kuti ndidziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Koma uyo nyumbayo inali yake. Akatswiri athu a masiku ano amayesera luso lawo pa nyumba za eni.

Musandimve molakwa. Munthu kukhala ndi webusaiti si tchimo, ndipo alipo amene amalemba zothandiza. Chimene chimandinyansa ndi gulu ili limene limakopera nzeru za anthu akunja, okhala m'nyumba za intaneti ya waifai usana ndi usiku, n'kumatiphunzitsa ngati tonse timakhala kumeneko. Kwa ba Kelvin foni imasunga yokha zinthu iwo ali mtulo, ndiye basi, dziko lonse lili choncho.

Anafikako ku Kanakantapa? Kwa alamu netiweki amakaipeza pamwamba pa chulu, kuseri kwa khola. Bandulo amagula ya tsiku limodzi, kuti amve mtengo wa matimati ndi kuona chithunzi cha mdzukulu. Foni amatchaja pa kasola. Kilaudi ilowera pati pamenepo?

Ndipo si ba Kelvin okha. Banja lililonse lili ndi wake. Amakulandani foni m'manja musanamalize kufotokoza vuto. Mukafunsa, amakuyankhani m'Chizungu. Zikawonongeka, wolakwa ndinu, chifukwa ndinu otsalira. Anthu amenewa amadziwa dzina la chilichonse chimene chili m'kati mwa foni, kupatulapo chimene mwini foniyo amaisungira.

Lachitatu mnzanga wina anandionetsa webusaiti ija. Ba Kelvin alembapo nkhani yatsopano, yaitali, ya Chizungu chosalala. Akuti anakumana ndi mayi wina wakumudzi amene anataya zinthu zake zonse chifukwa chosadziwa kusunga, ndipo tonse titengerepo phunziro. Chala chimene chinadina sichikutchulidwa paliponse. Pansi pake anzawo a ku ofesi akuwaombera m'manja, ati apitirize kutsegula anthu m'maso. Manyazi anathera kuti, abale?

Tinapita nayo foniyo kwa okonza mafoni pamsika wa Chongwe. Anayesa, anapukusa mutu. Chofufutidwa mwa njira imeneyo sichibwerera.

Dzulo alamu anandiimbira. Foni ikugwira bwino, sikuzimanso pakati pa nkhani, pamenepo tisawanamizire ba Kelvin. Tinakamba za mvula ndi za mbewu, kenako anandifunsa za mavoisi aja.

"Alamu, imwe mulibeko olo imozi?"

Ndinafufuza foni yanga yonse. Akulu anga ine ankangondiimbira, sanandijambulirepo mawu. Ndinawauza alamu kuti ndilibe.

"Nayamba kuibala mwamene benze kusekela," anatero.

Ba Kelvin, ndikudziwa kuti mumawerenga danga lino, poti mumafuna kuona ngati ndatchula webusaiti yanu. Lero ndaitchula. Tsopano tiuzeni, mayi wakumudzi uja adine pati kuti amvenso amuna ake akuseka?