Msuzi Wotalikitsa wa Yu-cheng

Peng Yu-cheng anali wamfupi kuposa aliyense m'kalasi mwawo ku Chiayi, ndipo mayi ake ankaona kufupikako ngati matenda. Atakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri, anayamba kumugulira mizu ndi makungwa kwa wogulitsa zitsamba, n'kumaphika pamodzi ndi tambala. Msuzi wake unali wakuda bii, mafuta ali yandayanda, fungo ngati la sokosi yonyowa yoiwalika m'nsapato.

"Imwa, usandiyang'ane ine!" ankatero mayiwo. "Ukufuna udzakhale kachitsa ngati bambo akowa?"

M'mawa ankamwa mbale imodzi atatsina mphuno, wotsala n'kumuthirira m'fulasiki. Kusukulu ntchito yake inali yotsuka zimbudzi za anyamata, koma kwa iye zimbudzizo zinali bwino kuyerekeza ndi fulasikiyo. Akageya, anzake ankasuntha madesiki. Nthawi yogona masana, aliyense mutu uli padesiki, msuzi uja unkabwerera kummero. Madzulo akachoka kumaphunziro owonjezera a masamu, ankapeza poto ali pamoto.

Tsiku lina anakhuthulira msuziwo mumphika wa duwa la aphunzitsi. Duwalo linavunda, ntchentche n'kudzaza, kalasi yonse n'kulangidwa kukolopa. Ndiye anapeza njira ina: Kuo Chih-hao, mnzake wokhala naye desiki, yemwe sankasankha cholowa m'kamwa.

"Koma iwe ndiwe nkhumba," anatero Yu-cheng, akuyang'ana kumbali kuti asaone mafuta akuyenderera pachibwano.

"Bweretsa kuno, kachitsa," anayankha Chih-hao uku akunyambita chivundikiro. "Mawa ukawauze awonjezere mchere."

Chaka chisanathe, Chih-hao anali atatalika ngati nsungwi. Mayi a Yu-cheng atamuona pachipata cha sukulu, anathamangira mayi a Chih-hao kukafunsa chimene amamudyetsa.

"Ine? Palibe," anayankha enawo. "Amangoti kuli mnzake wina amamubweretsera msuzi wokoma."

Mayi a Yu-cheng anazindikira pomwepo kumene msuzi wawo unkapita, koma mwana wawoyo sanamumenye. Kuyambira mawa lake ankafika okha masana aliwonse panjinga yamoto, n'kumumwetsera pachipata pomwepo, ana onse akuonerera. Kenako ankamuyasamitsa kuti aone ngati wameza. Kawiri anasanzira pansapato zake, mayi ake n'kumuthirira wina.

Yu-cheng anatalikako pang'ono, basi. Lero amakonza njinga zamoto mumsewu womwe anakuliramo. Chih-hao akadutsa, mayi aja, okalamba tsopano, amamuloza ndi ndodo: "Msinkhu wa mwana wanga uwo ukupita apowo."