Temba Losathyoka

Mastura anali mayi wamasiye wa kunyanja ya Chiuta, kutsidya kwa malire a Malawi, wosachuluka mawu. Chimwalirire mwamuna wake, ankakhala m'kanyumba kuseri kwa nyumba ya mchimwene wake Waziri, msodzi wa bwato ndi njinga. Patapita zaka zingapo dziko litalandira ufulu, bungwe la koperativa linasankha Mastura kuti azigula matemba odyetsa ana a sukulu yogonera komweko. Ntchitoyo inalibe malipiro. Anthu anangoti iye ndiye ali ndi nthawi.

Poyamba ankagula pa sikelo, monga anamuuzira. Koma anayamba kuona kanthu. Amuna ankathamangira kubweretsa matemba a dzulo, onyowa m'kati, olemera. Amayi amene amuna awo anatengedwa ndi nkhondo ankayanika masiku atatu, kutembenuza, kupirikitsa nkhuku ndi akhwangwala, ndipo nsomba zawo zikauma zinkapepuka. Wovutika kwambiri ndiye ankabwerera ndi zochepa. Matemba onyowa aja ankakachita nkhungu kusukulu.

Anaganiza sabata yathunthu, ndipo pamsonkhano anaimirira. Sikelo ipachikidwe, anatero. Aliyense amuyezere ndi chitini chimodzimodzi. Temba lizithyoledwa anthu akuona, ndipo likakana kuthyoka mwini wake akayanikenso. Lamulolo lilengezedwe tsiku logula lisanafike, kuti wina asati anamubisira. A sekeretariyo, mlembi wa koperativa, anavomera.

Tsikulo litafika, woyamba pamzere anali Waziri.

"Achemwali, yezani msanga, ndili ndi ulendo."

Mastura anatola temba limodzi. Linapindika ngati luzi. Anatolanso lina, chimodzimodzi.

"Achimwene, mukayanike mawa lonse."

"Nanga ndiwo munadya kwanga dzulo zija, munayamba mwazithyola?"

Anthu anaseka. Mastura sanaseke.

"Zinali zokoma. Koma izi n'za ana a eni."

Kumbuyo kwa Waziri kunali Hamida, wamasiye mnzake. Matemba ake anathyoka ngati nkhuni zouma, nadzaza zitini zitatu.

Waziri sanakalipe. Anangomanga dengu lake panjinga. Kuyambira apo mkazi wake analeka kuitana Mastura posinja. Pa chikondwerero cha Idi mbale za mpunga zinadutsa pakhomo pake kupita kwina. Amayi ogulitsa aja ankamuthokoza monong'ona, koma panjira ankamulambalala, poti bwato limene ankabwereka linali la Waziri.

Nkhondo itayandikira, anthu anayamba kuwoloka nyanja kupita ku Malawi. Mastura anamanga kamtolo kake n'kumadikira kuitanidwa. Tsiku lina pobwera ku koperativa masana, anapeza chitseko cha mchimwene wake chomangidwa ndi waya. Mayi woyandikana naye anamuuza uthenga umene Waziri anasiya: m'bwato munalibe malo.

Mastura analowa m'kanyumba kake. Kenako anamasula kamtolo kaja, natenga tsache, nayamba kusesa bwalo la mchimwene wake, kuti odutsa asadziwe kuti m'nyumbamo mulibe anthu.