Diso Lamanzere la Woyimbira

Amuna anga anali munthu wakuda yekhayo m'timu yawo, mwinanso m'matimu onse amene ankasewera ragibi ya anthu khumi ndi atatu kuzungulira Toronto m'zaka za m'ma 1970. Masewerawa anawaphunzira kumpoto kwa England, kumene anakachita sukulu ya zamakina tisanakwatirane. Atapeza ntchito pafakitale ya magalimoto ku Oshawa, anapezako azungu ochokera komweko, osowa kwawo ngati ife, amene Loweruka lililonse ankakagwetsana m'matope. Ine masewerawa sanandilowe m'mutu. Anthu akuluakulu, ndevu pepeya, ana ali kunyumba, kulimbirana mpira wooneka ngati papaya! Koma ndinkapitabe, chifukwa ndine namwino, ndipo chikwama cha mabandeji anali atandisenzetsa ine.

Woyimbira analipo mmodzi yekha, mdala wina waimvi wa ku England komweko, woyenda chowongoka ngati msilikali. Ankati kwawo anayimbirako masewera a akatswiri olipidwa, pamabwalo odzaza anthu, ndipo nkhani imeneyi tinaimva mpaka kuiloweza. Palibe amene ankamutsutsa. Akaliza wezulo, ndiye kuti nkhani yatha.

Tsiku limene ndikunenali tinali ku Brampton, masamba atayoyoka m'mitengo, kamvula kakuwaza. Chigawo chachiwiri chili mkati, munthu wina wa timu ya kumeneko, dalaivala wa lole, anathamanga ndi mpira kulunjika mbali imene ndinaima ine. Mnzawo wa amuna anga, wamtali, wandevu zofiira, anamulandira ndi chigongono pachibwano. Phokoso lake ndinalimva ndili kunja kwa mzere. Amuna anga anali mapazi angapo kumbuyo, akuthamangira pomwepo, ndipo munthuyo sanamukhudze n'komwe. Woyimbira anali chapafupi, zonsezi zikuchitikira kumanzere kwake. Anatembenuka thupi lonse, analiza wezulo, n'kuloza amuna anga kuti atuluke.

Ndinathamanga ndi chikwama changa. Nsagwada inali itathyoka, magazi ali chuchuchu. Nditagwirizira mutu wa munthuyo ndinakuwa, poyamba m'Chichewa chifukwa cha kupsa mtima, kenaka m'Chingerezi, kuti walakwa si ameneyo. Mdalayo sanandiyang'ane. Anangoti, "Mayi, inu samalani mabandeji, ine ndisamale wezulo." Ndinaona amuna anga akutuluka, manja kumbuyo, mutu pansi, monga anawalerera kwawo ku Ntcheu kuti wamkulu akalankhula suyankha. Wandevu zofiira uja anali jijirijijiri kukoka masokosi ake, ngati kuti padziko lapansi panalibe ntchito ina yofunika.

M'galimoto ndinalephera kudzigwira.

"Abambo, mwangotuluka basi, osanena kanthu?"

"Mayi, refa akakupoyinta wakupoyinta. Ukayamba kuagyuwa amangokuwonjezera."

"Nanga anzanuwo pakamwa pawo panatsekedwa ndi chiyani?"

"Alankhula. Nthawi yake ikakwana alankhula."

M'mawa mwake titachoka kutchalitchi amuna anga anati tipite tikamuzonde wovulalayo. Sindinaone cholakwika. Kwathu munthu akavulala iwe ukuona, umapita kukamuona, kaya ndi mbale wako kaya ayi. Ndinaphika ndekha phala lamadzimadzi loti amwe ndi kapaipi, ndinathira mu fulasiki, tinagulanso malalanje oti azimufinyira. Tinamupeza atamumanga nsagwada ndi mawaya, osatha kulankhula. Amuna anga anakhala pambali pa bedi kwa kanthawi, atamugwira dzanja. Mkazi wake analandira fulasiki ija ndi zala ziwiri, n'kuiika kutali pawindo. Ndinafunsa ngati anzawo ena a timu yathu anabwerako. Anati ayi, ife ndife oyamba.

Patapita masiku ochepa kunabwera kalata yochokera ku komiti ya chilango. Inati amuna anga akaonekere, chifukwa woyimbira walemba kuti anawaona ndi maso ake akumenya munthu mwadala, ndipo akapezeka olakwa sadzaseweranso. M'munsi mwake munali mawu amene anandiimitsa mutu: akuti komiti yamvanso kuti anapita kuchipatala ndi mphatso, zomwe zikusonyeza kuti mtima ukuwatsutsa. Phala langa lija linasanduka umboni.

Mpira wokhawo sukanandidandaulitsa. Akanausiya ine ndikanavina. Koma munthu amene ankanenedwa kuti ndi chilombo chothyola anzake nsagwada anali amuna anga, oti ngakhale nkhuku ankandipatsa ine kuti ndizinge. Kufakitale anthu anali atayamba kale kusuntha mipando iwo akafika patebulo lodyera, ndipo kapitawo wawo anali mmodzi wa atatu a m'komitimo. Loweruka lija ndilo linkawapatsa anzawo m'dziko la eni. Akawachotsa kumeneko ndi dzina loipa, akanatsala ndi ine ndekha ndi makalata a kumudzi.

Sabata imeneyo ndinakayikira aliyense. Ndinakumbukira kuti mdala uja ndi wandevu zofiira ankakwera galimoto imodzi pobwerera, ndiye ndinati apangana. Ndinakumbukira kuti sanatchulepo dzina la amuna anga molondola, ndiye ndinati ndi khungu basi. Foni yathu, imene inkalira Lachinayi lililonse kukumbutsana za masewera, inangoti zii. Mkazi wa kaputeni wa timu ndinakumana naye m'sitolo, iye n'kuyamba kuwerenga zolemba za pachitini cha nyemba mpaka ine nditadutsa. Ndinafika pokayikira ngakhale mzimayi woyandikana nafe nyumba, amene za ragibi sankazidziwa n'komwe, chifukwa anandipatsa moni wautali kuposa masiku onse.

Mwezi womwewo kuchipatala kumene ndinkagwira ntchito anali atangondisamutsa kuchoka ku wodi ya amayi kupita ku chipinda cha maso. Ntchito yanga inali kuitana odwala, kuwakhazika pampando, ndi kuwawerengetsa zilembo za pakhoma dokotala asanawaone. Kutatsala masiku anayi kuti mlandu uzengedwe, ndinatenga fayilo yonenepa, ndinaitana dzina, ndipo amene anaimirira anali woyimbira uja, atavala jekete ndi tayi.

Sanandizindikire. Ndinaganiza kuti ndi yunifomu ndi kachipewa koyera. Ndinamukhazika pansi, ndinamutseka diso lamanzere, ndipo ndi lamanja anawerenga mizere ingapo movutikira. Kenaka ndinamutseka lamanja.

"Werengani chilembo chachikulu cha pamwambacho, bambo."

Chilembocho sanachione.

Ndinaimika zala zitatu patsogolo pake. Sanazione. Ndinagwedeza dzanja lonse, iye n'kuti akuona kamthunzi kakuyenda. Ndinatsegula fayilo ija. Matendawa sanali a dzulo. Dokotala anali atalemba kalekale kuti diso lamanzere latha ntchito, ndipo anali atamuuza kangapo kuti asiye zinthu zofuna maso awiri. Pamenepo ndinamvetsa. Kumanzere kwake chilichonse chinali mthunzi wakuda, ndipo pabwalo paja munthu wakuda analipo mmodzi. Anamva phokoso, anatembenuka, n'kuloza amene diso lake lotsalalo linamupeza msanga.

Ndinatseka chitseko. "Bambo, ine ndine mkazi wa munthu amene munamutulutsa ku Brampton uja."

Anasisita chipewa chake pabondo. Ndinkayembekeza kuti agwidwa manyazi. Koma anadzutsa mutu n'kunena mofatsa kuti, "Nesi, zimene mwaona muno ndi za muno. Munalumbira."

"Inu simunaone amene anamenya munthu uja."

"Ndakhala ndikuyimbira musanabadwe. Ndinaona zimene ndinaona." Atatero anafunsa ngati dokotala wakonzeka.

Mdalayo ankadziwa bwino pamene wandigwira. Chinsinsi cha wodwala sichituluka pakhomo la chipatala. Ndikanachitulutsa akanandilanda chiphaso cha unamwino, chimene ndinachivutikira zaka, ndikulembanso mayeso amene ndinali nditakhoza kale kwathu. Komanso lumbirolo ndinkalikhulupirira ndithu, sindinalitenge ngati nyimbo. Kunyumba ndinkangopsereza ndiwo. Amuna anga akandifunsa ndinkati ndi mutu. Ndinkadziuza kuti mwina mdalayo akaganiza bwino, akanena yekha pamaso pa komiti kuti sanaonetsetse. Sindinkafuna kuti anene za diso. Akanangoti mwina ndinalakwitsa, zikanakwana.

Mlandu unazengedwa Loweruka masana, m'kachipinda ka kuseri kwa holo ina ku Etobicoke, modzaza utsi wa fodya. Atatu a komiti anakhala kutebulo. Anzawo a amuna anga, onse khumi ndi awiri, anandandalika pabenchi m'mbali mwa khoma, wandevu zofiira ali pakati, atameta ndevu zija. Woyimbira anaimirira ndi pepala m'manja n'kuyamba kuwerenga lipoti lake. Ine ndinkayang'ana maso ake. Sankayenda ndi mizere. Anali ataliloweza lonse, pepalalo anangoligwira kuti anthu aone.

Wapampando anafunsa amuna anga ngati anamenya munthuyo. Anati ayi. Anawafunsa kuti nanga amene anamumenya ndi ndani. Anati iwo sanabwere kudzaneneza munthu.

"Nanga kuchipatala munakatani?"

"Munthu anavulala."

"Anzanu onsewa sanapiteko. Bwanji inu nokha?"

"Chifukwa chimene iwo sanapitire sindikuchidziwa."

Nthawi yonseyi maso a amuna anga anali pansi, mwaulemu, ndipo ndinaona kapitawo uja akunong'oneza mnzake kuti taonani, akulephera n'kutiyang'ana komwe. Wapampando atafunsa ngati pali wina wofuna kulankhula, pabenchi paja palibe anaimirira. Wina ankayang'ana kudenga, wina ankachotsa matope ouma kunsapato. Ndinaimirira ine. Ndinanena zonse zimene ndinaona ndili pamzere, chigongono ndi mwini wake yemwe, ndikumuloza ndi chala.

Wapampando anamwetulira ngati akulankhula ndi mwana. Anati akumvetsa kuti mkazi aliyense amaikira kumbuyo mwamuna wake, koma woyimbira anali pafupi kuposa ine, ndipo ndi munthu wodziwa ntchito yake. Kenaka anafunsa kuti, "Kapena mayi muli ndi chifukwa china chokayikira maso a woyimbira wathu?"

Mdala uja anatembenuza mutu wonse kuti andipeze ndi diso lamanja. Tinayang'anana. Mawu oti ndinene ndinali nawo. Ndinawameza, n'kukhala pansi.

Anagamula kuti amuna anga asadzasewerenso. Woyimbirayo palibe anamufunsa funso ngakhale limodzi. Anayimbirabe zaka zina ziwiri, ndipo popuma anamupatsa wotchi ya pakhoma, anthu akuwomba m'manja. Nsapato za mpira za amuna anga zinatsikira kuchipinda cha pansi, kuseri kwa makina ochapira. Sanadandaulepo. Loweruka ankangotsuka galimoto yoyera kale. Ine ndikawaona pawindo mtima unkandipweteka, chifukwa ndinkadziwa kuti mawu anayi kapena asanu okha akanawayeretsa, ndipo ndinasankha chiphaso changa.

Panapita zaka zambiri tisanamve kuti mdala uja wamwalira. Tsiku limenelo tinali kukhitchini masana, iwo akusenda mbatata, kunja chipale chofewa chikugwa. Ndinati tsopano zikhale zikhale. Ndinawauza zonse, za fayilo, za zala zitatu, za funso la wapampando. Ndinalira, ndinapepesa, ndikudikira kuti andikalipire kamodzi kokha m'moyo wawo.

Anapitiriza kusenda. "Za diso lamanzerezo? Mayi, timu yonse inkadziwa. Matimu onse. Munthu akafuna kucheata, kusewera mwachinyengo, ankadikira kuti refa amupatse kumanzere. Mukuganiza kuti wandevu uja anasankha mbali imene ija mwangozi?"

"A komiti aja?"

"Iwonso ankadziwa. Koma akanamuchotsa akanayimbira ndani?"

Zaka zonse zija ndinkasenza chinsinsi chimene chinali pakamwa pa aliyense. Funso lija wapampando anandifunsa akudziwa yankho lake. Chisoni chinasanduka ukali, ndipo ndinamenya tebulo mpaka mbatata zinagubuduka.

"Ndiye inuyo abambo, munkadziwa, n'kungokhala chete? Ine ndinali ndi lumbiro. Inu munali ndi chiyani?"

Anatola mbatata imodzi pansi, anaipukuta, n'kuibwezera m'mbale.

"Mdala ngati uja sindikanamuvula pagulu ndi pakamwa panga. Komanso pabenchi paja panali anthu khumi ndi awiri, oti ndinagwa nawo m'matope zaka zinayi. Ndinkati mmodzi aimirira." Anatenganso mpeni. "Mpaka wapampando akutseka buku, mayi, ine ndinali ndikudikirabe."