Nthiti Ziwiri ndi Chotupa cha Luciya

Luciya wa ku Itepela anakulira m'munda wa fodya, nakwatiwa ndi Samuele, mkamwini wodziwa kulima koma wamtima wapachala. Fodya akaola, wolakwa anali Luciya. Mvula ikachedwa, wolakwanso anali Luciya yemweyo. Ankamenyedwa, koma sankauza alongo ake, Luka ndi Pemphero, poopa kuti angaphe munthu.

Chaka chino Samuele anam'menyera m'chigafa ndi mtengo wopachikira fodya mpaka unathyoka, kenako anamuponda pachifuwa. Luciya atayamba kulavula magazi, ngwazi ija inagwidwa ndi mantha. Anamukweza shapa, minibasi ya kumeneko, ku Mandimba mpaka kuchipatala ku Cuamba, njira yonse akum'nong'oneza kuti akanene kuti anagwa panjinga.

Adotolo anayang'anitsitsa chithunzi cha m'chifuwa chimene anamujambula.

"Mayi, nthiti ziwiri zathyoka. Koma palinso chotupa m'phapo umu, ndipo sichadzulo. Mwina ndi chifuwa chachikulu, mwina mafinya, mwinanso khansa. Chithunzi chokha sichingatiuze. Mupite ku Nampula akachotseko kanyama pang'ono akapime, ndipo musachedwe."

Maganizo a Luciya anathamangira kwa ana ake. Atacheuka anaona nkhope ya mwamuna wake itawala ngati wamva za ukwati. Zimanyansa kunena, koma munthuyo anakondwa, poti magazi aja anali atapeza mwini wina. Pobwerera anagamuliratu kuti za Nampula ziiwalike: fodya akudikira kusankhidwa, komanso khansa ati siichira.

Kunyumba anapeza alongo aja atakhala pakhonde, mphekesera zitawafika.

"Ndi khansa, alamu," Samuele anayamba asanapereke ndi moni. "Adotolo aiona okha."

Luciya anadziwa kuti akakhalanso chete adzafera m'chigafa, osadziwa n'komwe chimene chikumudya. Anasolola chithunzi chija, nachikweza kudzuwa.

"Achimwene, chozungulira ichi sichikudziwika, akachipima ku Nampula, ndipo ndikupita. Koma ziwiri zothyokazi mwini wake ndi uyu."

Luka anadzuka. Chibakera choyamba chinagwetsa Samuele pamtondo, mano awiri n'kutsalira m'fumbi, ndipo Pemphero anam'kokera kuseri atam'gwira mwendo. Akulira ngati mbuzi, Samuele anaitana dzina la mkazi wake kuti awaleretse.

Luciya analowa m'nyumba n'kuyamba kumanga zovala zokwerera sitima ya ku Nampula.