Ulusi wa Malita pa Mtsinje wa Kelvin

A Fryson Makwinja amakhala ku Maryhill, m'chipinda cha pamwamba penipeni chimene zenera lake limayang'ana ku ngalande ya maboti. Anthu a mumsewu wawo amawadziwa kuti ndi bambo wa jekete yobiriwira amene amapereka moni kwa aliyense koma saima kuti acheze. Kale ankatsuka mabasi kudepoti. Anasiya impso zitafooka, ndipo masiku ena pa sabata amakakhala pampando wa kuchipatala makina akuwatsuka magazi. Masiku otsalawo amayenda okha m'mbali mwa mtsinje wa Kelvin.

Anabadwira ku Kachulu, m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa ku Zomba. Ali mnyamata ankatchera mbalame. Ankasolola linya m'matayala akutha, nkupota timakhwekhwe tambirimbiri pachingwe chimodzi, nkukakhoma m'matope m'mene mbalame zimatera. Ankafuna atsekwe ndi abakha a m'thengo, koma nthawi zina pankakodwa kambalame kena kakang'ono, kotuwa kumsana, koyera kumimba, ka miyendo ngati timapesi ta udzu. Kameneka kakaima, kumbuyo kwake kumangogwedezeka ngati kakumva ng'oma. Anyamata a padoko ankangokatcha kagwedeza. Kankabwera mvula ikayandikira nkusowa anthu akamakolola, ndipo palibe ankafunsa kuti kamapita kuti.

Mkazi wawo, Malita, ndiye anayamba kubwera ku Glasgow kudzasamalira okalamba. Pamene a Fryson ankatsatira, mlongo wake wa Malita, a Lucius, amene anali mwini mbumba, anawaperekeza mpaka pa siteji ya basi. Anawagwira padzanja nthawi yaitali nati, "Alamu, mlongo wangayu ndakubwerekani, sindinakupatseni. Mudzandibwezere."

Onse anaseka tsiku limenelo.

Mphatso ya mwana sinabwere m'banjamo, choncho awiriwo ankangodalirana. Malita anadwala nthawi ya mliri uja, ndege zitaleka kuuluka. Ataona kuti thupi likutha, anauza amuna ake kuti, "Zanga zikathera kuno, kanthu kanga kokha kakafike kwathu, pamene anagona amayi." Anaikidwa kumanda a kumpoto kwa mzinda, anthu ochepa ataima motalikirana, popanda siwa, popanda amayi a Mvano oimba. Madzulo ake a Lucius anaimba foni.

"Munamutenga akuyenda ndi miyendo yake," anatero. "Mwamukwirira kwa eni ngati munthu wopanda abale."

Kuchokera pamenepo awiriwo sanalankhulanenso.

Ndege zitayambanso, impso zinali zitawamangirira kale a Fryson pampando uja. Ku Kachulu kulibe makina otsuka magazi, ndiye za ulendo zinathera pomwepo. Kutumiza katundu papositi kunkafuna dzina la wolandira, ndipo wolandira anali a Lucius. Kutchalitchi nako anasiya. Palibe ananena choipa, koma iwo ankaona ngati m'maso mwa aliyense muli mawu a alamu awo aja. Tisunge yekha, mtsikana wa ku Zomba amene ankaphunzira kuyunivesite, ndiye sankatopa kuimba foni.

"Bambo, mwatitayatu. Lamlungu kuli kwaya."

"Ndili bwino, mwanangu. Tionana."

Chitenje cha Malita, chofiira cha maluwa achikasu, chinangokhala chopindidwa pampando umene iye ankakhalapo. Pempho la Malita lija linali pomwepo, likuwayang'ana m'mawa ulionse.

Chaka china mu Epulo, akuyenda chakumtunda kwa mtsinje, kumene nyumba zimatha ndipo madzi amasiya timiyala m'mbali, anamva kulira kosongoka katatu. Kambalame kanauluka chapansipansi, mapiko akunjenjemera pamwamba pa madzi, nkutera pamwala. Kumbuyo kwake kunayamba kugwedezeka.

A Fryson anavula chipewa osadziwa.

"Iwe," anatero chapansipansi. "Kodi nawenso uli kuno?"

Anakhala pachitsa mpaka zala zinachita dzanzi ndi kuzizira. Mawa lake anabweranso, ndipo sabata yonseyo, kupatula masiku a kuchipatala. Timbalameto tinali tiwiri, kakakazi ndi kakamuna. Tsopano anamvetsa chimene anyamata a padoko sankafunsa. Kagwedeza akasowa ku Chilwa nthawi yokolola, ndiye kuti wabwera kuno. Ndipo kuno kukayamba kuzizira, adzabwerera kukadikira mvula m'matope a kwawo kwa Malita.

Maganizo aja sanabwere tsiku limodzi. Ankawathamangitsa, nkubweranso. Kwathu munthu akamapita kumudzi samusiya apite chimanjamanja, amamupatsira kanthu. Apa panali wapaulendo wopita ku Chilwa, wosafuna chiphaso, wosafunsa mafunso, wosadutsira pakhomo pa a Lucius. Chitenje sangathe kunyamula, koma ulusi umodzi angathe.

Anagula chingwe cha mbedza kusitolo ya asodzi, ndi timitengo tootchera nyama. Dzanja lamanzere, limene amalumikizako makina, linali lofooka, koma zala zinakumbukira ntchito yake. Anapota timakhwekhwe patebulo la kukhitchini, wailesi atazimitsa. Kenako anatenga singano, nkusolola ulusi wofiira m'mphepete mwa chitenje. Unatuluka wautali, wopotanapotana. Anaukulunga pachala.

M'mawa wina mu Juni, kunja kuli chifunga, anakhoma msampha wawo pamene madzi amakumana ndi timiyala, nkukabisala kuseri kwa tchire. Sanadikire nthawi yaitali. Kambalame kanabwera kakujompha tizilombo, kakugwedezeka, kenako kanakodwa nkuyamba kuphupha.

Atakagwira anadabwa. Anali ataiwala kuti kameneka kalibe kulemera, ngati wanyamula mpango. Mtima wake unkagunda m'chikhatho mwawo mothamanga kwambiri. Kanzake kankazungulira pamwamba kakulira mosalekeza. Anamasula khwekhwe kumwendo, nkuyamba kumasula ulusi pachala ndi mano.

"Bambo inu! Mukuchita chiyani pamenepo?"

Anali mayi wachizungu wachikulire, wa imvi, atavala majombo a mphira, zoonera patali zili pakhosi. Ankatsika chigwembe mofulumira, akulankhula Chingerezi cha ku Glasgow chija chothamanga. A Fryson anali atamuonapo kangapo chapatali. Dzina lake, monga anadzadziwira pambuyo, linali Annette, mmodzi mwa anthu ongodzipereka amene amayang'anira mbalame za mumtsinjemo.

"Simukudziwa kuti ndi mlandu umenewu? Kali ndi ana kameneko! Taonani apo, pafupi ndi phazi lanu. Musasunthe!"

Anayang'ana pansi. Pakati pa timiyala panali kanthu ngati thonje lotuwa, kataphwatalala, maso okha akuphethira.

"Sindikufuna kudya, mayi," anatero a Fryson. Mawu anatuluka movutikira chifukwa panali patapita masiku asanacheze ndi munthu. "Ndikufuna kukatuma."

"Kukatuma?"

Anamuonetsa ulusi uja. Anafotokoza mwachibwibwi za Chilwa, za Malita, za manda a apongozi awo. Annette anamvetsera, mkwiyo ukuchoka pang'onopang'ono pankhope pake. Anagwada pamiyala, mawondo akulira.

"Ulusi umenewo ukakola paminga, kafa kali lende," anatero. "Ukapanda kukola, udzadula mwendo."

A Fryson izi ankazidziwa kuposa iye. Anaonapo mbalame zoduka miyendo ndi linya ku Chilwa. Anangokana kuziganizira.

Annette anatulutsa foni nkuwaonetsa mapu. Anati kambalameka m'Chingerezi ndi common sandpiper. Kamaswera kuyambira kuno ku Scotland, kudutsa Ulaya yense ndi Russia, mpaka ku Japan. Kukazizira kamatsikira ku Africa, ku India, ena mpaka ku Australia.

"Ndiye kwathu kamafika," anatero a Fryson, akuloza ndi chibwano.

"A mtundu wake amafika. Koma akunowa ayi, bambo. Ofufuza anamangirira tizipangizo pa ena a ku Scotland kuno, ndipo anakapezeka kugombe la kumadzulo kwa Africa, cha ku Senegal ndi ku Guinea-Bissau. Amene munkawaona kwanu mwina ankachokera cha ku Russia."

A Fryson anayang'ana mapu aja nthawi yaitali. Pakati pa malo amene chala cha mayiyo chinaloza ndi Malawi panali Africa yense. Kenako anaseka, kuseka kouma kumene kunawadabwitsa eni ake omwe.

"Ndiye ndikanamutumiza mkazi wanga ku Guinea. Munthu wosadziwako ndi mmodzi yemwe."

Annette anafuna kuseka, koma anangopukuta mphuno.

"Padziko lonse akadali ambiri," anatero, "sali m'gulu la mbalame zotsala pang'ono kutha. Koma kuno akuchepa. Ndili mtsikana, pokhota paliponse pa mtsinje uno pankamveka kulira kumeneku. Lero ndimayenda m'mawa wonse kufuna awiriwa. Agalu amasokoneza zisa, madzi amasefukira nthawi yolakwika, ndipo za m'njira mwawo sitizidziwa zonse. Chonde, kasiyeni kapite."

A Fryson anatambasula chikhatho. Kambalame kanakhala kaye chete ngati sikakukhulupirira, kenako kanathawira patsidya, nkutera pamwala, nkudzikung'untha. Anazula timitengo tonse, nkukulunga msampha, nkuupereka kwa Annette ndi manja awiri. Iye anaulandira nkuuika m'thumba, osanenanso za mlandu. Onse awiri anachoka pamalopo chobwerera m'mbuyo, akuponda mosamala.

Kunyumba a Fryson anakhala moyang'anizana ndi chitenje chija mpaka tiyi anazizira. Pamene anasololapo ulusi panali kamzere koyera. Anaimbira Tisunge.

"Bambo! Mwaimba nokha lero? Kwagwanji?"

"Ndamva kuti sukulu watsiriza. Ukupita liti kumudzi?"

"Mu Seputembala. Muli ndi kakatundu?"

"Chitenje cha amayi ako, a Malita. Chikafike ku Kachulu."

"Ndikanyamula, bambo, m'chikwama cha m'manja, osati chapansi. Koma ndikakapereke kwa ndani? Manda a eni sindingalowe ndekha."

Funso lake linali lomwe lija la wolandira. A Fryson anati amuuza. Anayendayenda m'chipindamo, natsuka kapu imene inali yotsuka kale, kenako anafufuza nambala imene anali asanaikhudze kuchokera tsiku la maliro. Foni inaitana kanthawi. Kumbali inayo kunamveka mphepo ndi nkhuku.

"Halo?"

"Alamu, ndine. Fryson."

A Fryson anaganiza kuti foni yaduka.

"Mukadali moyo?" anatero a Lucius. Mawu awo anali atakalamba.

"Pang'ono. Alamu, mlongo wanu sindinathe kukubwezerani. Inenso sindingabwere, makina andigwira. Koma anasiya mawu akuti kanthu kake kadzagone pafupi ndi amayi. Pali mwana akubwera nacho chitenje chake. Ndikupempha mukamulandire."

"Zaka zonsezi munali nacho?"

"Ndinali nacho."

"Osanena?"

"Ndinkaopa inu."

A Lucius anatsokomola nthawi yaitali. "Ndi chiti? Chofiira chija cha maluwa?"

"Chomwecho."

"Ndinamugulira ine chimenecho, pa msika wa Zomba." Anapumira m'mwamba. "Mwanayo mumupatse nambala yanga. Ndiuza mbumba, tidzamuchingamira pa siteji. Koma nkhani ya ine ndi inu sinathe, alamu."

"Ndikudziwa."

"Muziimba. Munthu sakalipira foni yosaitana."

Asanadule, a Fryson anafunsa ngati akagwedeza amabwerabe padoko. A Lucius anati nyanja inaphwa chaka china mpaka anthu ankayenda pansi pamene kale pankadutsa mabwato, ndipo madzi atabwerera mbalame sizinabwerere zonse. Za kagwedeza anati sanayang'anitsitse, adzaona mvula ikayandikira.

Tisunge anabwera kudzatenga chitenje Loweruka lina. Ulusi uja a Fryson sanauike m'phukusi. Anapita nawo kumanda a kumpoto kwa mzinda, nkuukwirira ndi chala m'mbali mwa mwala wa Malita.

Pofika kumapeto kwa Julayi timiyala ta pa Kelvin tinali mbee, popanda kulira kulikonse. Annette anawauza kuti akuluakulu ndiwo amayamba kunyamuka, ana nkutsatira okha pambuyo, popanda wowalondolera njira. A Fryson amapitabe kukakhala pachitsa chija masiku amene sali kuchipatala. Pampando wa Malita palibe kanthu tsopano, ndipo akalowa m'nyumba amakolekapo jekete yawo yobiriwira.