Fodya wa Pakamwa Pamodzi

Ndinayamba kusuta tili kothawa nkhondo, cha ku Dedza, ndevu zisanamere. Nkhondo itatha tinabwerera kuno kwathu, ena atasenza malata, ena akukankha njinga. Ine ndinabwera ndi chizolowezi. Malata aja anachita dzimbiri, njinga zija zinatha, koma katundu wanga sanaonongeke ngakhale pang'ono.

Fodya ndimalima ndekha. Wabwino amapita ku kampani, wotsala m'chigafa ndinkapichira m'pepala lililonse losowa mwini wake. Makaderino, makope a ana anga a kusukulu, ndinawasuta onse. Mwana wanga woyamba analephera matematika chifukwa matematikayo ndinali nditawasuta ine, ndipo mpaka lero pamsika ndimawerengera msanga kuposa iye. Kazako wanga, jekete limene ndimavala nyengo yozizira, akazi anga anakamuchapa kumtsinje tsiku lina, ndipo mbuzi zimene zinamwa madzi kumunsi zinatsokomola sabata yathunthu. Mbuzizo eni ake alipo, mukhoza kukawafunsa.

Sindinkaona vuto. Ndinkatsokomola m'mawa, inde, koma tambala nayenso amalira m'mawa ndipo palibe amapita naye kuchipatala.

Vuto linabwera ndi mdzukulu. Mwana wanga wamkazi wotsiriza anachira kuchipatala cha ku Ulongwe nthawi yosankha fodya, masiku ake asanakwane. Khandalo linali laling'ono, ndipo likamapuma m'chifuwa munkalira kamluzu. Tsiku lotuluka m'chikuta ndinasamba, n'kuvala kazako uja, n'kutambasula manja monga achitira agogo onse.

"Ababa, manjawo abwezeni kaye," anatero mwana wanga.

"Alakwanji?"

"Akununkha chigafa. Anamwino anena kuti chifuwa cha mwanayu sichifuna utsi, ngakhale wa m'zovala. Mukasiya fodya mudzamunyamula."

"Nanga iweyo ndinakunyamula ndi manja ati?"

"Omwewo. N'chifukwa chake ndikuwadziwa."

Sanakweze mawu. Anatengera amake, amene akanena chinthu motsitsa ndiye kuti chatha. Mdzukuluyo anamunyamula aliyense: azakhali, anansi, ngakhale mayi wina wongodutsa pogulitsa tomato. Ine ndinkamuonera patali, ngati ng'ombe ya mwini.

Ndinayesa kusiya mwa mphamvu. Ndinatha masiku awiri ndi theka. Tsiku lachitatu anandipeza ndikukangana ndi nkhuku, ndipo nkhukuyo ndi imene inali kukhoza.

Nzeru inachokera kwa alamu anga, mlongo wa akazi anga, amene amapita ndi mbatatesi ku Tete ndipo nawonso anali osuta okhwima. Anati kumzindako madalaivala a shapa, maminibasi a kuno, ayamba kusuta fodya wamagetsi: wopanda moto, wopanda phulusa, ndipo ena amasiyira pomwepo ndudu. Anati ngakhale ku Ulongwe akupezeka, mu loja ina yogulitsa matelefoni. Loweruka ndinakwera njinga.

Wogulitsa anali mayi wachitsikana wosaseka msanga. Nditafotokoza nkhani yanga, anayala zinthu zitatu pa galasi.

Choyamba chinali kamtengo kowala ngati switi. Anati kameneko kakatha umangotaya. Ndinakakankhira pambali. Kwathu sititaya chinthu chokhala ndi bateriya; ngakhale chitafa chimakhala pa windo zaka zisanu, mwina chidzadzuka.

Chachiwiri chinali chopyapyala ngati cholembera. "Ichi ndiye chanu, bambo," anatero. "N'cha oyamba kumene. Mumathira madzi ake apa, mumakoka ngati ndudu, basi. Sichidya moto wambiri, chimalowa m'thumba, palibe amachiona."

Chachitatu chinali chibokosi cholemera, chokhala ndi kagalasi koonetsa manambala ndi botolo pamwamba. Nditachinyamula dzanja linatsika lokha.

"Nanga ichi?"

"Icho chisiyeni. N'cha anthu ofuna kuonetsa utsi. Chimamwa madzi ngati thirakitala."

Apa ndiyenera kufotokoza, kuopa kuti mungandiyese wopusa. Kwathu munthu sagula chinthu poyang'ana dzanja lake. Amayang'ana manja a obwereka. Ukagula pampu ya njinga umasankha yachitsulo, chifukwa ipopa njinga za mudzi wonse. Mpopera wa mankhwala a mbatatesi umagula waukulu, podziwa kuti m'munda mwako udzalowa komaliza. Ndinayang'ana kacholembera kaja, n'kuganiza za amuna amene timakhala nawo pa bawo pafupi ndi chigayo, n'kuona kuti sikangafike ndi kwa wachitatu yemwe.

"Kameneka kangakwane anthu angati?" ndinafunsa.

"Mmodzi. Fodya ameneyu ndi wa pakamwa pamodzi, bambo. Sabwereketsa. Komanso si mankhwala ayi, ndipo amene sasuta musamupatse."

"Mayi, fodya wa pakamwa pamodzi kulibe. Ndamulima zaka makumi atatu, ndikanamuona."

Anandiyang'ana monga amayang'anira munthu wofuna kuoloka mtsinje wodzaza, n'kuyamba kukulunga chibokosi chija.

Kunatsala kusankha madzi. Anafunsa kuti ndimasuta zingati pa tsiku, kuti adziwe ukali wake. Ndinamuuza zoona: sindiwerenga, ndimayatsa kamodzi m'mawa, kenako ndudu ina imayatsa inzake, moti bokosi la machesi limene ndinagula pa ukwati wa mwana wanga woyamba likadalipo. Anatenga aukali, n'kunena kuti ndizidzatsitsa pang'onopang'ono. Ndiye anatsegula timabotolo kuti ndinunkhize: mango, chivwende, kena kozizira ngati mankhwala otsukira mano, ndi kena kamene anati ndi fungo la fodya weniweni.

Kameneko ndinakanunkhiza kawiri. Mphuno yanga imasiyanitsa tsamba la pansi ndi la pamwamba ndili chitsinzinire. Fodya wa m'botolomo anali asanaonepo munda, mvula, ngakhale chigafa. Atabwera naye munthu posankha, ndingamubweze pakhomo. Ndinatenga mango, chifukwa mango akanama sindikhumudwa. Si ntchito yanga.

Masana omwewo ndinali pa bawo. Ndinadina kabatani, n'kukoka monga ndinkakokera chingambwe. Utsi umene unatuluka unaphimba bawo, osewera ndi theka la chigayo. Amayi amene anayanika ufa anathamanga kukaanula poganiza kuti mvula yabwera m'mwezi wa chisanu. Mulungu ndi mboni, wina anaba njombwa ziwiri mu utsimo, ndipo mlandu wake sunathe mpaka lero.

Utsi utapungula ndinaona manja. Anali atatambasulidwa kale.

Lamulo la fodya n'lodziwika. Mwini amayatsa, amakoka kawiri katatu, n'kupereka kwa woyandikana naye. Palibe amapempha ndi mawu, dzanja limangobwera. Wokaniza fodya anthu samuiwala, ndipo pa maliro ake adzukulu amakumba manda mosafulumira. Koma ndudu ili ndi ubwino umodzi umene sindinauganizepo zaka zonsezi: imatha. Ikafika pa kotsalira imaotcha zala za womaliza, nkhani n'kuthera pomwepo. Chibokosi changa chinalibe kotsalira. Chinazungulira kamodzi, n'kuzunguliranso, n'kuzunguliranso. Chikamafika kwa ine wina ankati, "Inu ndi eni ake, mukasutira kunyumba," n'kundidumpha. Pofika dzuwa kupendeka kagalasi kaja kanazima. Anzanga a pa bawowo anachitcha dzina lakuti wayilesi.

Ndinapita kunyumba ndikununkhira ngati msika wa mango. Ndinaima pakhonde la mwana wanga, n'kutambasula manja.

Ananunkhiza mpweya. "Ichi n'chiyaninso?"

"Ndasiya fodya. Uyu ndi wamagetsi."

"Amatuluka utsi?"

"Nthunzi chabe."

"Ababa, chotuluka m'kamwa n'kumaoneka ndi maso, kwa ine ndi utsi. Mukasiya zonse mudzandiuze."

Ndinabweza manja m'matumba. Anali atayamba kuzolowera njirayo.

Kwathu magetsi sanafike. Matelefoni timakathira moto pa baraka ina, kagolosale ka m'mbali mwa msewu wopita ku Fonte Boa, pamene pali sola, ulendo wa ola limodzi wapansi. Wayilesi yanga inkadya moto wa matelefoni anayi, ndipo inali nyengo ya nkhungu, dzuwa likutuluka ngati mlendo wamanyazi. Ndikaisiya m'mawa ankati ndibwere mawa. Ndikabwera mawa, mwini baraka ankati waiyesa pang'ono kuti aone ngati moto walowadi, ndipo kuyesako kunkatha theka la motowo.

Kenaka kubwereka kunayamba. Alamu anga anaitenga popita ku chinkhoswe ku Domwe, kuti akuchimuna aone kuti banja lathu si lamasewera. Mkamwini sakaniza mlongo wa mkazi wake; munda umene ndimalima ndi wa kwawo. Itabwerako inapita ku maliro, adzukulu ataitumizira uthenga. Kuchoka kumaliro inapita ku baraka, kuchoka ku baraka wina anakaitenga m'dzina langa. Madzi ake ankagula okha mosonkherana, akatuma aliyense wopita ku Ulongwe. Panali mkulu wina wa kwaya amene sanasutepo chibadwire, nayenso anaphunzirira pomwepo. Chimenecho sindichinyadira, mayi wa mu loja uja anali atanena.

Mungafunse kuti bwanji sindinabwerere ku chingambwe. Ndinayesa. Wanga wa m'chigafa akazi anga anali atagawa tsiku lomwe ndinagula wayilesi, poti ndinali nditalengeza ndekha pabwalo kuti sindidzamufunanso. Ndiye tsiku lina pa bawo ndudu ikuzungulira, ndinatambasula dzanja mwakachetechete. Inandidutsa.

"Inu a magetsi?" anatero wina. "Mwini chigayo sapempha ufa, akulu."

Onse anavomereza kuti kundipatsa chingambwe kukanakhala kundinyoza. Anandilemekeza choncho miyezi itatu.

Masiku amenewo sanali okoma. Mutu unkalemera, m'kamwa munkachita ngati ndatafuna thonje. Ndinakazinga chimanga n'kumatafuna kuyambira m'mawa, mpaka nsagwada zinakula. Chipewa changa chinasiya kundikwana, chilipo, mukhoza kudzachiyesa. Zala zinkapichira zokha chilichonse: tsamba la nthochi, mphonje ya nsalu ya patebulo. Ndinapalira dimba la mbatatesi kawiri, udzu usanamere. Akazi anga ndinawakalipira chifukwa cha mchere, iwo n'kundiyankha kuti mcherewo ndi womwe uja wa zaka zonse, lilime langa ndi limene ladzuka. Wayilesi ikandipeza mwangozi ndinkakokako kamodzi kawiri, koma nthawi zambiri inkafika itazima, kapena dzanja la wina lili kale panjira.

Sindikudziwa tsiku limene ndinasuta komaliza. Anthu amafuna tsiku, koma ndilibe. Ndimangodziwa kuti pokumba mbatatesi za kudimba ndinakwera chitunda cha ku Fonte Boa ndi thumba pa njinga osatsika, ndipo nditafika pamwamba ndinaima n'kudikira chifuwa, koma sichinabwere.

M'mawa wina, kutentha kutayamba, ndinali pakhonde ndikusongola mpini. Mwana wanga anatuluka ndi ndowa, mwana ali kumsana. Anaima pafupi nane nthawi yaitali kuposa masiku onse. Kenaka anawerama, n'kugwira kolala ya kazako wanga, n'kununkhiza. Ananunkhizanso manja, kuseri ndi kuno, monga ndimachitira ndi tsamba lokayikitsa.

"Wayilesi ili kuti?"

"Sindikudziwa. Mlungu watha inamveka ku Domwe."

Anamasula nsalu. "Gwirani. Ndikupita kumjigo. Mutu muugwirizize, ngakhale wakhwima."

Mdzukulu wanga anali atalemera. Kamluzu kaja kanali katachepa, kankamveka pokhapokha utayika khutu. Anandiyang'ana mosasangalala, ngati wa pa malire woona chikalata chokayikitsa, kenaka anagwira ndevu zanga n'kukoka. Ndinamusiya akoke.

Nthawi yomweyo alamu anga anatulukira pa njinga, akumwetulira. Anapisa m'thumba n'kutulutsa wayilesi, kagalasi kakuwala, botolo lodzaza.

"Alamu, lero takuganizirani. Moto wodzaza, madzi atsopano, palibe wakhudzako. Yambani ndinu eni ake."

Aka kanali koyamba chigulireni kuti ibwere kwa ine yathunthu. Ndinaiyang'ana, ndipo ndinaikhumbira, sindinama. Ndinayang'ana manja anga: lina linali pansi pa mwana, lina kumsana kwake. Lachitatu ndilibe.

"Manja ali pa ntchito, alamu. Pitani nayo. Ndipo mukasutire kutali, kuseri kwa khola."

"Ndibwere nayo madzulo?"

"Madzulonso adzakhala pa ntchito."

Anayang'ana ine, n'kuyang'ana mwana, n'kuibweza m'thumba mofulumira, kuopa kuti ndingasinthe maganizo. Ili nawo mpaka pano. Chingambwe anasiya, koma wayilesiyo sanaisiye, ndipo amayenda ulendo wa ku baraka kawiri pa sabata, akudandaula za obwereka.

Mwana wanga asanabwere kumjigo, mdzukuluyo anandikodzera. Zinadutsa thewera, n'kulowa mu kazako mpaka m'thumba la mkati, mmene munkakhala fodya. Akazi anga anachapa kazakoyo kumtsinje masana omwewo. Ndinatsatira n'kukaima kumunsi, pomwera mbuzi. Zinamwa, n'kumapita.